Mafupa a Lefteri

3 Novembala
Makina a pabanki alavula khadi langa kawiri. Akuti latha ntchito. Penshoni yanga ya umasiye yochokera ku boma la Amerika ili m'menemo, ine kuno kwathu ku Patra manja lende. Akumanda nawo andikumbutsa kuti lendi ya manda a Lefteri ikutha pa 20. Ndilipire, apo ayi afukula. Mwamuna wanga wangogona zaka zitatu zokha, ati adzuke apereke malo kwa wina.

6 Novembala
Foni tsiku lonse, kuimbira eni khadi ku Amerika. Nambala yaulere sigwira ukakhala kunja. Inayo ndiye kudya mayunitsi ngati chiswe. Nyimbo, nyimbo, kenako kamtsikana ka mawu okoma: khadi latsopano tatumiza kale, dikirani. Ndati manda sadikira. Kati pepani, pali china chomwe ndingakuthandizeni? Ndadula. Mutu waukulu.

9 Novembala
Ndadzichepetsa, ndapita kwa mlamu wanga Stamatia kukabwereka. Khofi wandipatsa, mawu wandipatsanso. "Ha, Mmerika wathu wasauka? Mbale zonse munkatsuka kuja zinali zaulere?" Ndalama akuti alibe. "Amayi athu tinawafukula, sanadandaule. Achimwene ndiye ndani?"
Sizoti ndikuopa kufukulako. Mafupa opanda wowalipirira shelefu m'nyumba ya mafupa amawataya m'dzenje la onse. Lefteri anandiuza ali m'chipatala: "Evanthia, asadzandisakanize ndi anthu osawadziwa. Ndinagona nawo mokwana m'tizipinda ta ku Amerika." Ndinalonjeza.

13 Novembala
Khadi lafika pakhomo. Labwereranso.
Wabwera nalo Argiri, woperekera makalata ofunika kusainira, mwana wa mumsewu womwe uno. Pa envulopu Eva Kallos, dzina lomwe tinadula kuja kuti mabwana asamalume lilime. Pa chitupa changa cha kuno Evanthia Kalogeropoulou. Pasipoti ya ku Amerika, ya dzina lodulalo, inatha kalekale, ndinkati ndipitenso kuti? "Azakhali, ndinakula ndikuba nkhuyu zanu, ndingakuiwaleni? Koma kamakina aka sikakudziwani, ntchito indithera." Ndagwira nsonga ya envulopu, khadi kulimva ndithu m'katimo. Wasolola pang'onopang'ono, osandiyang'ana kumaso. Ndamutukwana. Alibe mlandu, koma ndamutukwana.

16 Novembala
Za pasipoti, ku ofesi ya kazembe wa Amerika ku Atene akuti mpata wondiona ulipo mu Disembala. Kukakonzera ku Amerika komweko pafunika tikiti. Ya tikiti ili m'khadi. Khadi likufuna pasipoti. Ndazungulira khitchini mpaka chizungulire. Chakudya buledi ndi azitona. Kumanda ndapempha andidikireko, akuti pali maliro ena akudikira malowo.

20 Novembala
Afukula. Suti yomwe tinamuveka pomuika ikadali yabwinobwino, mwini wake ndiye watha. Ndatsuka mafupa ndi vinyo monga mwa mwambo, limodzilimodzi, ndekha. Stamatia sanabwere, akuti miyendo ikupweteka. Sindinalire mpaka nditafika pa zala.
Shelefu n'kulipiriratu, ngongole ayi. Wokumba manda, bambo wa ndevu zaimvi, wayang'ana bokosi lamalata lomwe ndaikamo mafupa, wayang'ana chikwama changa chamatayala chopitira kumsika. "Mayi, ine ndikukamwa khofi. Ndikachoka pano maso anga saona bwino."
M'basi mayi wina wandithandiza kukweza. Ati mwagula chiyani cholemera chonchi. Ndati mbatata.

21 Novembala
Ali pabalaza, pampando wake. Ndafunditsa bokosi nsalu yanga ya patebulo yoluka. Kaya ndi mlandu, kaya ndi tchimo, sindikudziwa, ndipo kwa wansembe sindikafunsa. Mantha ndili nawo. Koma ndagona tulo koyamba mwezi uno.
Stamatia waimba. Miyendo yapola, akufuna nambala ya shelefu kuti akayatsire achimwene ake kandulo.
Ndamuuza abwere nayo kuno kanduloyo.