Ndinkakufotokozerani za Tenti Yanga Mutaikidwa Kale

Amayi, kodi kumene muliko mukupeza bwanji?

Ine ndikadali kuno ku Kongo, pa bwalo la ndege lomwe lija, ndikukonzabe mahelikoputa. Ndakwiya kwambiri, Amayi, ndipo woti ndimuuze palibe koma inu.

Tsiku lonyamuka munandigwira malaya n'kunena kuti, "Uzindiuza pomwe ukugona, ndizidziwa chopempherera." Ndinamvera. Lamlungu lililonse ndinkakhala pa bedi langa lachitsulo n'kukujambulirani mawu, kutumiza pa foni ya mlongo wanga Esinati. Ndinakuuzani za tenti yathu yozunguliridwa ndi matumba a mchenga, za mvula yosakata ndi matope akuda olowa mpaka m'bulangete. Zovala kuno siziuma, zimangonunkha mafuta a ndege. Helikoputa ikamanyamuka tenti yonse imagwedezeka, makapu kugwa. Ndinakuuzaninso za dzenje limene timathawiramo mizinga ikayamba kulira kuphiri, titapanikizana ngati mbuzi pa lole.

Esinati ankayankha kuti, "Amayi amva, akuti uzifunda. Panopa akupuma." Ine n'kumakhulupirira.

Ndiye sabata yatha kwabwera gulu latsopano la asilikali. Mwa iwo munali Yohane wa ku Lisungwi, amene tinaphunzira limodzi, ndipo anamupatsa bedi loyandikana ndi langa. Asanamasule n'chikwama chomwe anandigwira dzanja.

"Pepani achimwene ndi maliro a mayi. Ndinalipo ku Midzemba, mwambo unayenda bwino."

Ndinamufunsa kuti mayi ake ati. Anandiyang'ana, kenako anangokhala pansi n'kugwira mutu.

Eti munaikidwa chimanga chili chachiwisi. Panopa anthu akolola kale. Nthawi yonseyi ine ndinkaseka pafoni, kukusimbirani za khoswe wotidyera sopo.

Nditamuimbira Esinati anangolira. Akuti a malume Jemusi ndiwo analetsa kundiuza, poti munthu wokonza ndege za nkhondo akasokonezeka mutu aphetsa anzake. Amayi, helikoputa ikabwera ndi ovulala, amene amatsuka magazi pansi pake ndine. Ndiye ine ndi woti sindingapirire uthenga wa mayi anga? Mnzanga wina bambo ake atamwalira anamulola kupita kwawo pa ndege ya katundu. Inenso ndikanafika, ndikanaponyako dothi.

Nanunso ndakukwiyirani. Esinati waulula kuti muli m'chipatala ku Boma munanena nokha kuti, "Limbani musamuuze kuti ndikudwala." Inu amene munkatikalipira kuti chowawa tizikuuzani msanga, musakachimvere pamjigo. Mwandichita zomwe munkadana nazo.

Za kumudzi ndamva kwa Yohane, poti a kwathu sindikuwakhulupirira panopa. Esinati anachira, ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Manachesi anu abereka mpaka nthambi kuthyoka. Denga la khitchini linagwa ndi mphepo, mpaka lero palibe walikhudza.

Akuluakulu andilola kubwera mwezi wamawa. Ndikakatsika minibasi sindikalowa m'nyumba ya munthu, ndikayamba kwa inu, ndikakhale pansi ndilire monga akanandilolera kulira. Kenako ndikakonza denga lija. Esinati ndimukhululukira, mwanayo ndikamunyamula, izi ndikulonjeza. Koma za a malume musandipemphe kaye.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndili chikwiyire.

Ine mwana wanu,
Limbani