Bwana Ludgrove Atsike Yekha M'bwato

Suva, 9 Juni 1957

Wokondedwa mng'ono wanga Isikeli,

Landira moni. Kodi mayi chifuwa chija chinawaleka? Ine ndili bwino, kupatula bondo limene limandivuta kukagwa mvula. Ntchito yaulonda padoko ikadalipo.

Nkhani ndi iyi. Bwana Ludgrove, amene anali Disii wa chilumba chathu, anasiya ntchito ya boma, ndipo tsopano amalemba ndakatulo zonyoza azungu anzake. Ina yatuluka m'nyuzipepala. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandimasulira, pakuti Chingerezi sindichidziwa. Akuti ufumu wa Angerezi unafika kwathu utakwera kavalo wokalamba, dzina lake Peniasi, poopa kunyowetsa nsapato.

Ukudziwa kuti malemu bambo athu, Peniasi yemweyo, ankamubereka Ludgrove kuchokera m'bwato mpaka kumtunda. Palibe anawakakamiza. Ankalemekeza mlendo monga makolo anawaphunzitsira.

Tsopano onyamula katundu padoko akandiona amalira ngati akavalo. Wina wa ku Rewa anandifunsa ngati ndingamubereke mpaka kumsika, ati popeza ndi ntchito ya kumtundu kwathu.

Ndinapita kunyumba kwa Ludgrove. Anandilandira mokondwa, nanena m'chilankhulo chathu kuti ndamva molakwa. Akuti ankadziseka yekha pamodzi ndi akuluakulu a boma, ndipo m'ndakatulo yonseyo munthu waulemu ndi bambo okha. Ndinamufunsa chifukwa chake anabisa mayina a akuluakuluwo, koma la bambo n'kulilemba poyera. Iye anangondifunsa ngati ndingamwe tiyi. Sindinamwe. Amati mlendo ndi mame, koma uyu watisiyira matope.

Wandiuza kuti abwera kumudziko mwezi wamawa kudzaona manda a bambo. Pempho langa ndi limodzi. Mumulandire. Mumukonzere chakumwa chathu cha yaqona amwe, mumuphikire mizu ya dalo ndi nsomba, pakuti pakhomo pa Peniasi sanabwezepo mlendo. Koma bwato likadzaima pamiyala paja, pasadzapezeke wa magazi athu wowerama kuti amubereke. Uwauze onse, makamaka mlamu wathu Tevita, amene akaona mzungu msana umamuyabwa. Atsike yekha. Madzi amene bambo ankawoloka atamusenza, awawoloke ndi miyendo yake.

Upereke moni kwa mayi, koma za kavaloyu asazimve. Moni kwa mkazi wako, kwa mlongo wathu Mereoni ndi kwa amalume.

Tsala bwino. Ndine mkulu wako,

Waisale, mwana wa Peniasi