Maheu a m'botolo

Lachitatu, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Shuga ya amuna anga yakweranso. Chiwapezereni matendawa ndinasiya kuwathirira shuga mu tiyi. Akamapita kukawedza ku Zambezi ndimawalongedzera maheu a m'botolo, poganiza kuti ndi chimanga chabe.

Lero kuchipatala anesi aona botolo m'chola mwanga. Alitembenuza n'kuloza timalemba ta kumbuyo tonena zomwe anathiramo. "Amayi, zolembedwa poyamba ndiye zochuluka. Onani, shuga ili pafupi ndi pamwamba. Gaga mulibe n'komwe."

Ine masiku onsewa ndinkangoyang'ana chithunzi cha chimanga kutsogolo!

Amuna anga angoti, "Munkandisamala, amake Esnati." Bola akanandikalipira.

Mawa alowanso m'bwato, ndipo choti ndiwaikire m'chola sindichidziwa...