Anamufunsa Kuti Kwanu Nkuti

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi ana. Miyendo ya alamu ija inasiya kutupa? Kuno ana akudya, ine ndikupita kuntchito. Zoti tili bwino sindinena, chifukwa mukudziwa kale kuti likhala bodza.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga mwasiya kuyankha. Ndapatsira dalaivala wa thiraki amene ndimamumatira matayala, wati amadutsa pafupi ndi kuntchito kwanu ndipo akupatsani m'manja. Choncho musadzanene kuti sinafike. Ndikulembera pa bokosi la masipanala nthawi yopuma masana. Mukaona zala zakuda papepala ndi girisi, si mwano. Zolemba zanga mukuzidziwa, sukulu ndinaisiyira panjira, ndiye muwerenge pang'onopang'ono.

Pafoni paja simunandipatse mpata wofotokoza bwino mmene mlamu wanu anatengedwera. Imvani tsopano.

Anthu a boma anafika kushopu yosokera kumene amagwira ntchito kuja mmawa, makina akulira. Awiri anaima pakhomo, ena analowa. Anauza amayi onse kuti asiye zosoka aime m'mbali mwa khoma. Sanayambe ndi kufunsa mapepala ayi, anthu anali ambiri. Ankangoyenda pamzere kufunsa aliyense funso limodzi, akumvetsera lilime lake. Womveka ngati wakonkuno ankamuuza kuti abwerere pamakina.

Inu mukudziwa mmene mlamu wanu amayankhulira. Amayankhula zakonkuno kuposa ine ndi inu. Anabwera ali kumsana kwa amayi ake mano asanamere, wakulira kuno, wakwatiwa kuno, wabereka kuno. Mapepala tinayesa kangapo, nanunso mukudziwa. Ofesi ya kuno inkati akatenge kaye chikalata kumene anabadwira, a kumene anabadwirako nkumati munthu ameneyu sitikumudziwa. Tinatopa, tinangokhala.

Atafika pa iye anamufunsa kuti, "Kwanu nkuti, mayi?"

Iye anapinda manja mwaulemu natchula kwawo kwa malemu amayi ake, kutsidya kwa malire. Malo amene sanawaonepo ndi maso.

Mayi amene amasoka mabatani pafupi naye, amene walowa m'dziko muno dzana dzanali, anangoti kuseri kwa chipatala, mawu atatu basi, anamusiya. Sindikumufunira zoipa mayiyo, nayenso ali ndi ana. Ndi yemweyo anathamanga kudzandiuza kugalaja, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Mwini shopu pofika masana anali ataika kale munthu wina pamakina a mlamu wanu, akuti mayunifolomu a anthu sangadikire.

Akuwasungira m'nyumba ina yaitali kuseri kwa siteshoni ya basi, kale munkakhala katundu. Muli chipinda cha alendo, benchi mbali ino, benchi mbali inayo, pakati waya. Ndinapita ndi wakhanda uja, Kabwana, nditamubereka kumsana ndi thawulo, anthu akundiyang'ana m'basi.

Nditamuona ndinayamba ndi kukalipa, moni ndinaiwala. Ndinamufunsa kuti bwanji sanangotchula msewu wathu ngati anzake. Anandiyang'ana nati amayi ake anamulera kuti munthu sakana kwawo, ndipo wamkulu akakufunsa kwanu sakufunsa kumene umagona. Kenako anati, "Inuyo akakufunsani kwanu mumatchula galaja?"

Ndinaseka, achimwene, m'malo ngati amenewo. Kenako ndinaona bulauzi yake itanyowa pachifuwa, mkaka ukungotuluka wokha, kuseka kunatha. Mlonda wamkazi anatsegula kachitseko ka m'mbali namulola kuyamwitsa. Nthawi itakwana mlondayo anatembenukira kukhoma ngati akuwerenga chinachake, mpaka mwana anakhuta. Mulungu amudalitse mayi ameneyo, dzina lake sindikulidziwa.

Mlamu wanu sanalire. Anandifunsa ngati ndinaanula matewera, ngati mtsikana wathu Wamakani akupita kusukulu, komanso kuti kumene akukamutayako anthu amati chiyani akafuna madzi akumwa. Chiyankhulo chakumeneko amangodziwa moni ndi mawu otukwana amene amayi ake ankanena mbale ikasweka.

Mawa lake ndinapita kuntchito, chifukwa bwana wathu salipira misozi. Wailesi ija ya pa shelefu ya mafuta inali pa pulogalamu yoimba foni, nkhani yake yomweyi, yoti anthu opanda mapepala amene akhala kuno zaka zambiri abwezedwe kapena asiyidwe. Panali bambo wina wamimba akudikira tayala lake, akugwedeza makiyi. Ine ndinali pansi ndi jeke.

Ndiye pa wailesipo ndinamva munthu akutsokomola kaye asanayankhule, kenako nkuti mwachidule. Achimwene, kupatula inu palibe munthu wina padziko pano amene amati mwachidule kenako nkuyankhula mpaka amudule. Munati lamulo ndi lamulo. Munati kaya munthu wakhala zaka zingati, kaya wabereka, ngati analowa popanda chilolezo akwere basi azipita kwawo. Munati chifundo ndi chimene chatiwonongera dziko.

Bambo wamimba uja anawomba m'manja nati ameneyu ndiye mwamuna, akanakhala pafupi akanamugulira chakumwa. Mdala wokonza mawaya, amene amakudziwani, anandiyang'ana. Kenako anauza bamboyo kuti akati atenge onse opanda mapepala, pagalaja pano patsala galu yekha, ndipo naye galuyo palibe akudziwa kumene anachokera. Anthu anaseka. Bamboyo anati ntchito zikusowa chifukwa cha anthu omwewa, mwana wake ali pakhomo ndi satifiketi. Mdala anamufunsa ngati mwanayo angavomere kukhala pamakina osokera tsiku lonse mpaka msana kuuma. Bamboyo anati nkhani si imeneyo, nkhani ndi malire. Anakangana mpaka bwana anatuluka muofesi kudzatseka wailesi.

Ine ndinamanga manati a tayala lake bwinobwino, chifukwa m'galimotomo mumakwera ana.

Tsiku limenelo munali musanamve za mlamu wanu, zimenezo ndikuvomera. Nditakuimbirani munadzidzimuka, munati simumanena iyeyo, mumanena enawo. Enawo ndi ati? M'chipinda muja ndinaona agogo ena a imvi amene akhala akugulitsa singano ndi ulusi pakona ya msika kuyambira ine ndili mwana. Ndinaona bambo atavala yunifolomu ya ulonda, anamutengera pageti pomwe amalondera. Aliyense mmenemo ndi mlamu wa winawake. Basi imene munaitana pa wailesi ija ilibe mpando wolembedwa kuti uyu asakwere, ndi mlamu wa achimwene.

Ndikufunseni. Inuyo akakufunsani kwanu, mumatchula kuti? Simutchula tauni imene mukugwira ntchitoyo. Mumatchula kwa agogo, kumene munapitako kamodzi kumaliro, nkutsegula m'mimba, nkubwerako mukutukwana madzi akumeneko. Atakunyamulani lero kukakusiyani kumeneko ndi kachikwama, nkukuuzani kuti mwafika kwanu, mungagogode khomo liti? Ndipotu inu bola, chiyankhulo nchimodzi.

Za malamulo ine sindidziwa, ndipo sindikufuna kukangana nanu za dziko. Kuti ntchito ikusowa ndikudziwa, pamsewu wathu omata matayala tachuluka kuposa matayala. Ine chimene ndikudziwa ndi nyumba yanga.

Kabwana akukana botolo. Amalilavula, amalira mpaka mawu kutha. Mayi woyandikana nafe akumumwetsa ndi supuni, theka limathera pa malaya. Wapepuka, ndikumumva m'manja momwemu. Wamakani tsitsi lamasuka mbali imodzi, wakana kuti wina aliyense aligwire, akuti adikira amayi ake. Akupita kusukulu choncho. Aphunzitsi anandiitana za tsitsilo, ndinakaima pakhomo la kalasi ndi ovolosi yanga.

Tsopano nkhani imene munandidulira foni. Kuli mayi wina loya wa bungwe lothandiza anthu otere, salipiritsa. Wati nkhani ya mlamu wanu imveka Lachinayi likudzali, ndipo mwayi ulipo ngati pangapezeke mboni. Akufuna munthu wamkulu wa mapepala ake, amene anamuona ali kamwana konkuno, adzaime yekha pamaso pa woweruza. Kalata sakulandira, foni sakulandira. Ine wati mawu anga ndi opepuka chifukwa ndine mwamuna wake, komanso nthawi imeneyo ndinali khanda ngati iye yemwe.

Ndayenda, achimwene, musaganize kuti ndinangothamangira kwa inu. Nyumba za mzere kumene tinakulira anazigwetsa, pano pali mosungira simenti. Eni nyumba anamwalira. Amayi athu anamwalira, amayi ake anamwalira. Mayi uja wa pampopi wa madzi pamzerepo ndinamupeza kwa mwana wake, koma mutu unasokonekera, ananditchula dzina la bambo athu nkundifunsa ngati ndinabweza wilibala. Mwatsala ndinu.

Inu munali kale mnyamata wa sukulu pamene mlamu wanu ndi amayi ake ankalowa chipinda choyandikana ndi chathu. Ndinu munamunyamula kuthamangira naye kuchipatala atapsa ndi madzi a tiyi pamkono. Chipsera chilipo mpaka lero, woweruza atha kuchiona. Tsiku loyamba kusukulu munatigwira manja tonse awiri, iye kumanja ine kumanzere, ine ndikulira iye ayi. Paukwati wathu munaima nkuuza anthu onse kuti mtsikanayu ndi mlongo wanu kuyambira kale.

Ndiye pafoni munandiyankha chiyani? Munati, "Anthu anandimva pa wailesi, ndikaoneka bwanji?" Munati kuntchito akuyamikirani, abwana anu anakugwirani chanza, tsopano akamva kuti mwakaimira munthu wopanda mapepala adzakusekani. Munati tizipemphera.

Kupemphera tikupemphera. Koma woweruza sanaitane Mulungu kudzakhala mboni, waitana munthu wa chitupa.

Ndakwiya nanu, sindibisa. Ndakwiya nanu kuposa amene anamutenga, chifukwa iwo sakumudziwa. Inu mwadya chakudya cha m'manja mwake. Jekete limene mumavala kuntchitoko analifupikitsa manja ndi iyeyo, munati palibe telala wina angalikhudze. Lero mukuopa kusekedwa. Anthu akuntchito amaseka mpaka atapeza wina womuseka, kenako amaiwala. Ana anga sadzaiwala.

Mukapanda kubwera, zichitike ndi izi. Wa muofesi ya boma wandiuza kuti ana ndi akonkuno, atha kutsala. Wati wakhandayo ndikafuna atha kupita ndi mayi wake, ndisankhe ndine bambo. Ananena akudinda mapepala a anthu ena, osandiyang'ana nkomwe. Ndikamusunga Kabwana, ndikuona mmene akuthera. Ndikamupereka, apita kumalo kumene mayi wake sadziwa munthu ngakhale mmodzi, ndipo Wamakani ataya amayi ake ndi mlongo wake tsiku limodzi. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Mundiuze inu wodziwa kuyankhula, bambo amasankha bwanji zimenezi?

Dalaivala yemweyu abwerera kuno Lachitatu, wati mpando wakutsogolo ulipo, simulipira. Mudzagona pabedi pathu, ine ndigona pansi ndi ana. Mubwere ndi chitupa chanu chenicheni, osati fotokope. Nkhaniyi imvekera m'nyumba yaitali ija, khomo lake ndi la m'mbali, loyang'ana kumene amatsukira mabasi, lakutsogolo satsegula. Loya wati mudzangonena zimene munaona, osawonjezera. Maganizo anu a pa wailesi palibe adzakufunseni, mutha kubwerera nawo osawasintha. Ine sindikupempha kuti musinthe maganizo. Ndikupempha kuti mudzanene kuti mwanayu munamuona akukwawa pakhonde pathu.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo muwawerengere kalatayi, musawabisire. Moni kwa ana onse. Mulungu akusungeni, akupatseni moyo ndi mphamvu, ngakhale tulo ndikanakonda kuti musowe pang'ono.

Wamakani wati ndikupatseni moni. Dzulo anandifunsa kuti amayi abwera liti. Ndinamuuza kuti abambo aakulu akubwera kudzawatenga. Wauza kale anzake onse kusukulu, ndipo watsuka kapu imene mudzamwere, waiika padera.

Ndine mng'ono wanu,
Bambo a Wamakani ndi Kabwana