Milomo ya a Eleuterio

Okondedwa achemwali Nohelia,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kwathu ku Boconó. Nanga bondo la amayi likadali lotupa? Ine kuno ku Panama thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba, ndipo chandisautsa ndi milomo ya munthu wakwathu.

Digiri yanga ya masamu ija, imene amayi anaipachika pakhoma, pano ntchito yake ndi kuwerenga mpaka 21 patebulo la blackjack mu kasino, nyumba ya juga. Musaseke. Wosewera aliyense amalimbana ndi ine wogawa makadi, ndipo wopambana ndi amene wayandikira 21 osapitirira. Makadi a zithunzi ndi 10, khadi la A ndi 1 kapena 11, mmene lingamukomere mwini wake. Ine ufulu ndilibe: ndikakhala ndi 16 kapena kucheperapo ndiyenera kutola lina, ndikafika 17 ndiime. Kuvutika konse kwa kuyunivesite kuja, kuti adzandiletse kuganiza!

Lamulo limene landigwetsa ndi ili. Wofuna khadi lina amagogoda patebulo ndi chala, wokana amayendetsa dzanja pamwamba pa makadi ake. Mawu alibe ntchito, chifukwa kamera ya kudenga ndi yogontha, imangoona manja.

Loweruka kunatulukira a Eleuterio Briceño. Inde, omwe aja a sitolo ya misomali pafupi ndi tchalitchi, amene anauza aliyense kuti abwera kuno kudzaonana ndi dokotala wa maso. Maso awo ndi akuthwa, achemwali, khadi amalionera patali. Atandizindikira anakuwa kuti kodi aka si kamwana ka a Chabela, kamene kankawabera magwafa kuseri kwa nyumba? Ndinawayankha kuti magwafawo anali a mphutsi, andipepese kaye kenako akhale pansi.

Makadi awo anakwana 15. Dzanja lina linali pa tambula, lina m'thumba. Anandiyang'ana, kenako anasongola milomo kuloza bokosi la makadi, ndendende mmene amayi amatitumira mchere. Ine mwana woleredwa bwino, dzanja linangopita lokha. Kunatuluka 9. Zonse 24, apitirira, ndalama zawo ndinakokolola.

Pamenepo mkuluyo anadzuka n'kulumbira pa manda a mayi ake kuti sanapemphe khadi, ankangochotsa kanyama m'mano. Kanyama! Bwana Quintero, woyang'anira matebulo, anapita kukaona zimene kamera inajambula. Inajambula dazi lokhalokha likunyezimira ngati mbale yotsuka, milomo itabisala pansi pake. Ndinati bwana, inunso munabadwa kwa mayi, milomo yotereyi mukuidziwa. Anati akuidziwa bwino, koma malamulo a kasino sanaleredwe ndi amayi anga. Atatero anandilozera khomo. Ndi milomo, achemwali!

Tsono Lachiwiri la sabata yamawa ndikaonekera kwa akuluakulu. Ndikadali pa miyezi yoyesedwa, ndipo chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chili m'manja mwa ntchitoyi. Ikatha, nacho chatha. Chakudya sichikulowa, arepa ya dzulo, kabuledi kathu ka chimanga kaja, ikadali m'mbale ikundiyang'ana. Bwana Quintero anandinong'oneza kuti a Eleuterio akangovomera kuti anapempha khadi, mlandu watha. A Eleuteriowo ndinawaimbira foni mwaulemu wonse. Anati iwe mwana, munthu wa msinkhu wawo sabweza mawu pamaso pa anthu a ku Panama, ndipo ndiwapatsire moni amayi.

Moniyo ndapereka. Tsopano pempho langa ndi limodzi. Amayi amakhala benchi limodzi ndi mayi Otilia, akazi awo a Eleuterio, pa Misa ya Lamlungu. Za juga asatchule, sindikufuna kupasula banja la eni. Potuluka angofunsa kuti maso a bambo akupeza bwanji, poti Yusmary amawaona kawirikawiri kuntchito kwake. Mayi Otilia akafunsa kuti ndimagwira pachipatala chiti, amayi asayankhe kanthu. Angosongola milomo kuloza kubala ya patsidya ija, kumene azibambo amatchovera juga. Mayi Otilia ndi akwathu, safuna kamera.

Foni ya a Eleuterio ikapanda kulira Lamlungu lomwelo kuti mayi Otilia awabwezetse mawu, yambani kuchotsa matumba a khofi pabedi langa lakale.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mlandu wonsewu wabwera chifukwa anandilera bwino. Moninso kwa alamu anga Wilmer, kwa azakhali a Eduviges, ndi kwa ana anu awiri, amene kuyambira lero aziloza zinthu ndi chala.

Ndine mng'ono wanu wosagona tulo,
Yusmary