Kabotolo ka Abida

Lolemba, 6 Malichi 1972
A Makaiko, mnzanga wa kuchipatala, andibwereka makina oonera tizilombo. Masabata awiri basi. Ndabwera nawo panjinga kuchokera ku Songani, okulunga m'bulangete. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuphunzitsa sayansi ndi choko chokha.

Lachitatu, 8 Malichi
Sitandade 7 yonse pamzere. Makina pawindo kuti kagalasi kalandire dzuwa. Dontho limodzi la madzi a m'munda wa mpunga. Ena kukuwa, ena kuseka. Abida yekha osasuntha, mtsikana amene sanakwezepo dzanja chaka chino. Akuti, "Aphunzitsi, nanga za m'thupi mwathu zingaoneke?"

Lachinayi, 9 Malichi
Abida wabwera ndi kabotolo. Mkodzo wake, wofiirira. Akukodza magazi chiyambire mvula, kwawo akuti ndi kukula. Taika pagalasi monga anandionetsera a Makaiko. Wapeza yekha, ine ndisanaone: dzira, kaminga kunsonga. Likodzo.
Sanaope. Walijambula m'kope mosamala, n'kufunsa kuti linalowa bwanji. Ndamufotokozera za nkhono za m'madzi.

Lolemba, 13 Malichi
Ana khumi ndi anayi okha m'kalasi. Mbiri yamveka Malemia yense: mphunzitsi akutolera mikodzo ya ana, akufuna kukhwima. Ahedi akuti makinawo ndibweze mawa. Mwina ndinalakwa kusayamba ndafunsa makolo. Ndinalakwadi.
Abida sanabwere.

Lachitatu, 15 Malichi
Sindinabweze. Malo a Abida ali pululu, opanda munthu. Mwana akudwala, ndipo ine ndi amene ndamutsekera sukulu.

Lachisanu, 17 Malichi
Nthawi ya buleki atulukira bambo ake a Abida, Che Hamadi, matope mpaka m'mawondo. Abida m'mbuyo, kabotolo kena ka mkodzo wake m'manja. Moni wanga osayankha. "Tionetseni chimene mwamuonetsa mwanayu."
Ndisanadzuke n'komwe, mwana wadonthezera kale, walozetsa kagalasi kudzuwa, akuwauza kuti atsinzine diso limodzi. Ayang'ana nthawi yaitali. Abida akufotokoza m'Chiyao, pang'onopang'ono, bwino kuposa ine.
Che Hamadi akuti Lolemba apita naye kuchipatala, pamodzi ndi ang'ono ake awiri.
Potuluka aima pakhomo. "Ntchito yoona zimenezi, munthu wamkazi amaloledwa?"
Ndati eya.
"Sukulu yake zaka zingati?"
Ndayamba kuwerenga ndi zala. Iwo atambasula zawo, akuwerenga nane.