Tamanda tamulemekeza

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kupatula miyendo ya amayi yomwe yayambiranso.

Mwana wanu Tamanda tamulemekeza mpaka walira. Mukukumbuka filimu yake ija ya amayi ophwanya miyala ku Chigumula, yomwe akuluakulu a kuno ankati ndi masewera a ana? Itangolandira mphoto kunja, onse anakumbukira kuti ndi mwana wawo. Loweruka anamukonzera mwambo kuhotela ku Limbe. Iye ankangofuna kuti mabwana a wailesi ya kanema aionere, mwina n'kuyamba kumupatsa ntchito, asiye kujambula maukwati.

Mlendo wolemekezeka anafika mochedwa. Aliyense woyankhula anayamba wapereka ulemu kwa iwo, kwa akazi awo ndi mipando yonse yakutsogolo. Iwo ataimirira anati luso la achinyamata lili pamtima pawo, makamaka la mwana wathuyu Tamala. Inde, anati Tamala. Atakhala pansi, wotsogolera mwambo anati, "Chifukwa cha nthawi, filimu tiidumpha. Tijambulitse chithunzi cha gulu."

Wojambula wa pamwambowo anali atapita kale, ndiye bwana wina anakodola Tamanda. "Si ndiwe wa kamera, mwanawe?" Anajambula. Chithunzicho n'chokongola kwambiri, koma iye palibepo.

Chonde mumuimbire foni, koma za mwambowu musamufunse. Filimuyo wakutumizirani, muionere mpaka kumapeto, mumuuze zomwe mwaona. Loweruka likubwerali ali ndi ukwati woti akajambule ku Kanjedza.

Amayi akupereka moni. Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati